Pikapu Imene Inkamwa Madzi

Fungo lake linali lotsekemera ngati shuga wopserera mumphika, koma lomata kukhosi. Mpaka lero ndikalimva pamalo oimika magalimoto, mtima umabwerera ku Whitmore Reans, dera limene tinkakhala m'dziko la azungu, m'nyengo yozizira ija ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamene pikapu ya bambo aang'ono inkagona kutsogolo kwa nyumba yathu.

Bambo aang'ono a Yohane, mng'ono wawo wa adadi, anamwalira masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo. Pikapuyo inali yawo, yofiira mosuluka, ndipo ankanyamulira katundu amene anthu ankatumiza kumudzi: mafiriji, njinga, madiramu a zovala. Ine ndinawaona komaliza kuchipatala. Anali atawachita opareshoni ya m'mimba, ndipo anamwino analetsa kuwapatsa chakumwa chilichonse. Milomo yawo inali itang'ambikang'ambika. Anatembenuza mutu, n'kundiyang'ana, n'kunena motsitsa, "Tadala, timadzi." Amayi anangowanyowetsa milomo ndi kasiponji. Mtembo unapita ku Malawi pandege, koma adadi sanauperekeze. Mapepala awo okhalira m'dzikolo anali asanatuluke, ndipo akanapita sakanaloledwa kubwerera.

Abale anagwirizana kuti pikapu itumizidwe pasitima yapamadzi kwa mayi aang'ono, akazi a malemuwo, ku Kasungu, kuti izidyetsa ana. Adadi anavomera, koma anati iyambe yachira, chifukwa inali ndi nthenda: inkatha madzi a mu injini. M'mawa uliwonse, asanandiperekeze kusukulu, ankatsegula boneti n'kusuzumira kathanki kapulasitiki. Madzi ankapezeka atatsika pansi pa mzere. Ankathiramo ena apinki a m'chigubu, mpweya ukufuka m'kamwa mwawo, kwinaku aneba akupala chisanu pamagalasi a magalimoto awo.

Kenako ankayamba kufufuza. Anayala katoni pansi pa injini, koma kukacha inkapezeka youma. Ankafinya mapaipi limodzi ndi limodzi, kuunika rediyeta ndi tochi, kupapasa pansi pa pampu ya madzi n'kununkhiza zala. Ankatsegula chivindikiro cha oyilo kuti aone ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka, pakuti ankati zikatero ndiye kuti gasiketi yapsa. Oyilo anali wakuda bwinobwino. Tsiku lina anandiimika kumbuyo kuti ndiziyang'ana utsi wa ku ekizosi, koma m'chisanu chija galimoto iliyonse mumsewu wathu inkatulutsa utsi woyera. Madzi ankangotha, osasiya dontho pena paliponse.

Ine ndinkadziwa kumene ankapita. Tikangoyenda pang'ono, galasi lakutsogolo linkachita nkhungu cham'kati, kuyambira mbali yanga, ngati pali munthu amene akulipumira. Ndikapukuta ndi dzanja la juzi, nkhunguyo inkabwerera, yoterera. Fungo lija linkadzaza m'galimoto. Chipewa cha bambo aang'ono chinali chikadali padashibodi, ndipo jekete lawo linali kuseri kwa mpando. Ndinkakhala nditapinda miyendo, maso ali pansi, ndikudziwa kuti munthu amene anapempha madzi osapatsidwa tsopano akumwa yekha. Kunyumba ndikatenga kapu, ndinkaibweza osamwa. Ndinasiya kumwa madzi, ndipo kusukulu mutu unkandiwawa tsiku lonse.

Sindinauze aliyense kwa nthawi yaitali. Chichewa changa chinali chochepa, ndipo m'Chingelezi nkhaniyo inkamveka yopusa. Anaitulukira ndi amayi. Loweruka lina ali kundiluka tsitsi anandifunsa chifukwa chimene botolo langa la madzi linkabwera kusukulu lodzaza. Ndinawayankha m'Chingelezi, ndikulira. Manja awo anaima m'mutu mwanga. Sanandiseke, sanandikalipire. Anangodzuka n'kupita kukhichini kumene kunali adadi.

"Bambo a Tadala, galimoto ija ipite kwa a Tembo lero lomwe. Mwanayu apite nawo, akaone ndi maso ake."

A Tembo anali makaniko wa ku Chipata, amene tinkapemphera nawo limodzi. Galaja yawo inali ku Nechells, pakati pa nyumba zazitsulo zosungiramo katundu, ndipo munkanunkha matayala ndi dizilo. Anadikira kuti injini izizire, kenako anamanga kapampu kamanja pakamwa pa rediyeta n'kupopa. Singano yoonetsa mphamvu ya mpweya inakwera, inaima kaye, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. A Tembo sanayang'ane n'komwe injini. Anazungulira, anatsegula chitseko cha mbali yanga, n'kuchotsa mphasa yalabala ya pamapazi.

"Mwana, bwera. Kanikiza apa."

Ndinakanikiza kapeti ndi chikhatho, ndipo madzi apinki anatumphuka pakati pa zala zanga. Anali ozizira, oterera. A Tembo anandigwaditsa n'kuunika pansi pa dashibodi, ndipo ndinaona dontho likukula pakona ya kabokosi kakuda mpaka kugwa. Anandifotokozera kuti m'menemo muli karediyeta kakang'ono ka hita, kamene madzi otentha a mu injini amadutsamo kuti m'galimoto muzifunda. Kanali katabooka. Madzi ena ankalowa pansi pa kapeti, ena ankasanduka nthunzi n'kukwera kugalasi.

Anadula nkhani mwachidule. Anazula mapaipi awiri opita ku hitayo n'kuwalumikiza okhaokha, ndipo singano sinatsikenso. "Ku Kasungu hita ndi yachani?" anatero akupukuta manja. Kenako anatsitsa mawu. "Koma achimwene, si zomwezi ndinakuuzani kutchalitchi, tsiku lija munanena za fungo?"

Adadi anaima pambali, manja ali m'matumba, osawerama n'komwe kuti aone pamene pankadontha.

Tinabwerera tikunjenjemera ndi chisanu, galasi lili mbee. Nditafika ndinamwa makapu awiri a madzi nditaimirira pasinki. Patangopita masabata ochepa, kunabwera munthu kudzatenga pikapuyo kupita nayo kudoko. Adadi anamupatsa makiyi, n'kulowa m'nyumba galimotoyo isanakhote pakona.

Panthawiyo ndinkaganiza kuti a Tembo anali anzeru kuposa adadi, ndiponso kuti ndi ine ndekha m'nyumba muja amene ndinkayenda ndi wakufa. Funso lawo lija ndinalimva, koma silinandilowe. Ndalimvetsa nditakula. Adadi ankadziwa bwino pamene pankatuluka madzi. Malinga ngati galimotoyo inali yodwala, sikanakwera sitima, ndipo m'dziko muno mukanatsalabe kanthu ka mng'ono wawo kofuna kusamalidwa. Sanaone manda, sanaponye dothi. Tonse awiri tinkakhala mpando umodzi m'mawa uliwonse, ine ndikulakalaka bambo aang'ono atachoka, adadi akuwachedwetsa.