Kanyenyezi kamene ndinawavomera

Malemu amuna anga anali dalaivala wa lole, ankanyamula katundu kuchokera kudoko kupita naye ku Malawi. Tinkakhala ku Buguruni, dera lina la mzinda wa kudokowo, m'nyumba ya mabanja asanu, ife tili ndi zipinda ziwiri za kumapeto. Zinali zaka zimene masitolo anayamba kudzaza ndi katundu wakunja, makampani a boma akuchotsa anthu ntchito, ndipo magetsi ankazima pafupifupi madzulo alionse. Akazima, tonse tinkatulutsa mipando ndi mikeka pabwalo la kuseri chifukwa m'nyumba munkatentha.

Pamwamba pa denga la bafa, cha kumpoto, pankaoneka nyenyezi zisanu ndi ziwiri zokhala ngati chikho chovundikira, chogwirira chake chitatambasuka. Pambali pa nyenyezi yapakati ya chogwiriracho pali kena kakang'ono, kofooka kwambiri. Amuna anga anandiuza kuti madalaivala akagona pachipata cha m'malire kudikira mapepala, ankayesana maso ndi kanyenyezi kameneka. Wokaona ndiye kuti akadali woyenera msewu. Wosakaona ankamuseka kuti akagule njinga.

Unali mwambo wathu. Madzulo oti mawa anyamuka, tikatha kupemphera, ankayang'ana kumpoto n'kunena kuti, "Ndakaona, mayi, kali pansi pa inzake. Si choncho?" Ine ndinkati, "Ndi choncho, bambo." Ndipo kankakhaladi pomwepo.

Chikhocho sichiima malo amodzi. Chimapendekeka pang'onopang'ono miyezi ikamapita, ndipo kanyenyeziko kamasuntha nako: nthawi ya mvula ya masika kamakhala pansi, kenako kumanja, mphepo yozizira ikamatha kamakwera pamwamba. Amuna anga ankazidziwa zimenezi kuposa ine, koma ankazidziwa ndi maso, osati ndi mutu.

Chaka china mphepo ili pafupi kutha, anayang'ana kwa nthawi yaitali, akutikita diso lamanja ndi chala. Kenako anati, "Ndakaona, kali pansi. Si choncho?"

Kanali pamwamba. Ndinkakaona bwinobwino.

Ndinakumbukira tsiku limene anathira tiyi pambali pa kapu, ndi lina limene anandipatsa buku la nyimbo kuti ndiwapezere nambala, akunena kuti m'tchalitchi muli mdima. Ndinakumbukiranso anzawo awiri amene anachotsedwa ntchito, omwe ankangokhala pa siteji ya minibasi zotchedwa daladala kuyambira m'mawa mpaka madzulo atavala malaya oyera. Ana athu atatu anali pasukulu. Mwini lole anali ndi anyamata ambiri omwe ankadikira makiyi amenewo.

"Ndi choncho, bambo," ndinatero.

Mnansi wathu wina, wa mtundu wa Azaramo, wamkulu mimba, ankagulitsa zinthu zakale zochokera kunja: mawotchi, mawailesi, nsapato zosiyana miyendo. Tsiku lina anabwera ndi chipangizo chachitali choonera patali, chimene iye ankachitcha darubini, nachiika pampando pabwalo. Anthu anayamba ndi mwezi. Ine ndinapempha kuti achilozetse pa nyenyezi yathu ija. Anavutika nacho, akutukwana pang'ono m'Chiswahili, mpaka anachipeza.

Ndinaika diso. Kanyenyezi kaja kanali patali ndithu ndi inzake, ndipo yaikuluyo sinali imodzi. Zinali ziwiri, zoyera, zoyandikana ngati madontho awiri a mkaka. Zaka zonsezo tinkawerenga ziwiri pamene Mlengi anaikapo zitatu, ndipo mwina zilipo zina zimene chipangizo chija sichikanationetsa. Iye amene amaziitana zonse ndi mayina awo sanabisidwe ngakhale imodzi. Ndinachita mantha, pakuti ndinadziwa kuti zanganso amaziona chimodzimodzi.

"Shemeji, mlamu wanga, bwera uone akazi ako atatu," mnansiyo anaitana amuna anga, akusakaniza Chichewa chimene anatola kwa ana athu. "Uzisankha bwino, wamng'onoyo ndi wanga."

Amuna anga anawerama, nasintha diso, nasinthanso. Anadzuka n'kunena kuti, "Zakongola."

"Zingati?"

"Iwe wagula chinthu chakufa, ukufuna ndikuwerengere ndine?"

Anthu anaseka, iwonso anaseka. Ine ndinalowa m'nyumba ngati ndikukaona ana.

Ndinali wa chigwirizano cha amayi, ndipo Lachinayi lililonse ndinkaima kutsogolo kuwerenga malembo. Ndinkadziwa za mlonda amene amaona tsoka likubwera koma osaliza lipenga, ndi kuti magazi a anthuwo amafunsidwa kwa ndani. Ndinkadziwanso za mkazi uja amene anagwirizana ndi mwamuna wake pa bodza, n'kugwa pakhomo pomwe iye anagwera. Ndinasala kudya masiku ambiri kupempha kuti maso awo achire. Sindinapempheko ngakhale kamodzi kuti ndipatsidwe mphamvu yotsegula pakamwa. Nyenyezi zija zitabwereranso chaka chotsatira, anafunsanso, ndipo ndinavomeranso. Nthawi zina ankalasa, nthawi zina ayi. Yankho langa silinasinthe.

Ngozi inachitika dzuwa litangolowa, atadutsa Morogoro. Munthu wina ankakankha njinga yonyamula makala m'mphepete mwa msewu. Amuna anga sanamuone mpaka atamva chitsulo chikulira pansi pa lole. Munthuyo sanafe, koma mwendo wake anaudula kuchipatala. Anali ndi mkazi ndi ana. Sindinamuoneko nkhope, komabe palibe tsiku limene ndimapemphera osamutchula.

Nkhaniyo itatha, amuna anga anabweza makiyi okha asanawapemphe. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo dokotala anafunsa chifukwa chake tinachedwa chotere, popeza ndi matenda ochizika. Diso limodzi analikonza. Sanagwirenso chiwongolero. Anapeza ntchito yolondera pageti la fakitale ina, ndipo ana anamaliza sukulu ndi malipiro ochepawo pamodzi ndi mandasi amene ndinkagulitsa. Njala imene ndinkaiopa ija sinabwere.

Panapita miyezi ndisanalimbe mtima. Tsiku lina masana, ndikuwasitira yunifolomu, ndinati, "Bambo, ndili ndi tchimo kwa inu. Kanyenyezi kaja kanali pamwamba. Ndinkadziwa kuti simukukaona."

Anapitiriza kumanga zingwe za nsapato. Kenako anati, "Ndinkadziwa kuti mukudziwa, mayi. Ndekha sindikanatha kusiya lole. N'chifukwa chake ndinkakufunsani."

Ndinaika simbi pansi. Anatenga malaya aja akadali otentha, navala, n'kupita kuntchito.