Mwini Wake wa Nkhani ya Zombo

Bambo anga anali mwalimu wa madrasa kwathu ku Nkhotakota, ndipo sankanena kanthu kopanda mwini. Ngakhale nkhani ya mtengo wa chambo ankayamba ndi kuti, “Ndamva kwa uje, amene wamva kwa uje.” Ife ana zinkatitopetsa. Mayi ankawaseka kuti tsiku lina nyumba idzapsa iwo akutchula amene waona utsi.

Nditapita ku koleji ku Zomba ndinakapeza zomwezo. Mphunzitsi wathu wa mbiri yakale ankati mawu alionse obwereka mwini wake alembedwe pansi pa tsamba: dzina, mudzi, ndi tsiku limene munacheza naye, kuti wokayika akafunse yekha. Ndinati ha, Bambo anditsatira mpaka kuno!

Pa kafukufuku wa chaka chomaliza ndinasankha zombo za matanga zimene kale zinkaoloka nyanja. Patchuthi Bambo anandifotokozera zonse: mitengo imene ankadula, mmene ankamatira ming'alu ndi thonje, mapemphero a pokankhira chombo m'madzi. Ndinalemba mpaka dzanja kuwawa. Pomaliza anati, “Ulembe kuti ndinamva kwa mnzanga wa ku Benga uja. Agogo ake ndiwo ankakhoma zombozo.”

Mtima unangoti myuu. Mnzawoyo anali atatengedwa ndi galimoto ya boma atafunsa funso pa msonkhano wa chipani, osabwereranso. Dzina lake anthu sankalitchula ngakhale kudambwe.

Ndinalembabe. Mphunzitsi atawerenga anatseka chitseko cha ofesi. “Dzina ili mulichotse,” anatero motsitsa mawu. “Mapepala awa amawerengedwa ndi anthu ena amene si aphunzitsi. Mulembe la bambo anu lokha.” Munthu yemwe uja wa dzina, mudzi ndi tsiku! Ndinapsa mtima, koma ndinadziwa kuti sakunama.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza Bambo akusoka mkeka wa kumzikiti. Ndinawachonderera. “Bambo, nkhaniyo ndi yanunso, si inu mwandiuza?”

“Mwanangu, ufuluwo amulanda kale. Ukufuna ine ndimulande ndi mawu omwe? Ngati dzina lake silingalowe, nkhani yakenso isalowe.”

“Ndiye nditaye ntchito yonseyi chifukwa cha kamzere kamodzi?” Ndinakweza mawu, ine mwana wamkazi, pamaso pa bambo anga. Iwo anangopitiriza kusoka.

Mapepala amenewo Mayi anawaponya pamoto, poopa kuti angapezeke m'nyumba muli dzinalo. Ndinalemba za ulimi wa mpunga, zinthu zozizira zotapa m'mabuku, magwero onse ali mbwee pansi pa tsamba. Ndinakhoza, koma sindinasangalale. Bambo ankangoti tidikire, akadzatuluka mnzawoyo tikamufunse tonse awiri.

Sanatuluke. Bambonso anamwalira zinthu zisanasinthe.

Lero dzinalo ndingathe kulifuula pamsika, palibe angandigwire. Ndayesapo kangapo kulemba nkhani ija. Mzere wa pansi pa tsamba ndimaulemba bwinobwino: dzina lake, mudzi wake, kudzera mwa bambo anga. Koma pamwamba pake ndilembepo chiyani? Mitengo ija ndaiwala mayina ake, pemphero lija ndatsala ndi mawu oyamba okha, ndipo zimandiwawa. Wofunsa amene angakayike alipo, koma woti akafunsidwe palibe.