Smaranda ndi Vani Yozima Pachitunda

Inu amene mwalimbana ndi chinthu mpaka kufika nacho pakhosi, ndipo aliyense akukuuzani kuti chitayeni, tamvani za Smaranda Bejan wa kwathu kuno ku Vaslui, m'dziko la Romania.

Tsiku limene zinamuthina, dzuwa linali likuswa mtengo. Vani yake yakale ya dizilo inazima pakati pa chitunda cha msewu wopita kutauni, kumbuyo itanyamula zigubu za mkaka wa mabanja a m'mudzi mwake. Anayesa kuiliza, injini inangotsokomola n'kukhala chete. Anatsegula boneti n'kumayang'ana zinthu zimene sankazidziwa ndi maina omwe. Pofika masana mkaka wonse unali utasasa, ndipo aka sikanali koyamba.

Amene anadzamukoka anali Costache, mnansi wake, ndi akavalo ake awiri. Vani inalowa m'mudzi ili kumbuyo kwa michira ya akavalo, amayi ataima m'zipata akuonerera. Mayi Profira, mmodzi wa eni mkakawo, sanadikire kuti Smaranda atsike.

"Smaranda, ng'ombe yanga ndi imodzi yomweyi. Ndizidzuka m'mamawa kukama kuti iwe uzikadyetsa nkhumba? Mawa usaime pachipata changa."

M'mawa mwake palibe anatulutsa chigubu.

Smaranda sanabadwire zagalimoto. Anasoka malaya pafakitale ina m'tauni kuyambira ali mtsikana mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Mwamuna wake Iorgu anapita ku Italy kukagwira ntchito ya zomangamanga, kenako mafoni anayamba kuchepa, mpaka zinamveka kuti ali ndi mkazi wina. Chimene anasiya chinali vani imeneyi. M'nyumba munalinso bambo ake a Smaranda, a Toader, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo ankafunika wowasambitsa ndi kuwaveka.

Mng'ono wake wa Smaranda, Catinca, amene ankasamalira nkhalamba ku Italy komweko, ankaimba Lamlungu lililonse ndi nyimbo imodzi: agulitse chiphakasacho kwa ogula zitsulo, bambo awapezere malo kunyumba ya okalamba, iye abwere ntchito ilipo. Smaranda ankamufunsa kuti akamakasambitsa bambo a eni ake, akewa azisambitsidwa ndi ndani. Akatero ankadula foni mtima ukuwira, chifukwa ankadziwa kuti mng'ono wakeyo sakunama. Popanda vani panalibe chodya.

Chomwe chinkamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti vaniyo ikafika kugaraja inkasanduka mwana wabwino. Makaniko wa m'tauni, munthu wachilungamo ndithu, anasintha fyuluta ya dizilo, anamvetsera injini, sanapeze kanthu. Anamuuza mosabisa kuti mwina ndi pampu ya mafuta, koma mtengo wake ukuposa wa vani yonse, ndipo iye sangalumbire kuti vuto ndi limenelo.

Malangizo ndiye anachuluka ngati mchenga. Wina anati dizilo wa masiku ano ndi madzi okhaokha. Wina anati aitane wansembe adzaiwaze madzi odalitsidwa. Costache anati agule kavalo, poti kavalo akakana kuyenda umadziwa pomumenya.

A Toader anayendetsa thirakitala pa munda wa boma unyamata wawo wonse. Tsiku lina anauza mwana wawo kuti awatulutsire mpando pabwalo, pafupi ndi vani. Atakhala anamufunsa, pakamwa pali popotoka, kuti ikamazima imatulutsa utsi wamtundu wanji.

Smaranda anati sadziwa.

"Sudziwa? Ndiye umayang'ana chiyani, mitambo?"

"Ndimayang'ana kutsogolo, bambo. Ndimakhala ndikuyendetsa."

Sukulu inayambira pamenepo, ndipo inali sukulu yaphokoso. Anamuphunzitsa kuti utsi wakuda ndiye kuti injini ikubanika, wabuluu ikudya oyilo, woyera dizilo sakupsa bwino, ndipo ukailiza osatuluka utsi uliwonse ndiye kuti mafuta sakufika n'komwe. Koma theka la zimene ankalamula zinali za thirakitala. Ankamuuza kuti amasule chitsulo chimene pavanipo panalibe, iye akati palibe, iwo ankamenya ndodo pansi kuti maso ake ndi aulesi. Smaranda ankalowa m'nyumba kukaonera pafoni mmene ena amachitira, n'kutuluka kudzakangana nawonso. Anansi ankamva zonse kuseri kwa mpanda.

Zala zosokera zija zinang'ambika. Fungo la dizilo linamukanirira moti kutchalitchi amayi ankasendera kumbali mwaulemu.

Patapita nthawi Smaranda anapeza kanthu. Anaika kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, ndipo anaona tithovu ta mpweya tikuyenda limodzi ndi dizilo. Anatsatira paipi mpaka anapeza pamene inang'aluka, anaisintha, anachotsa mpweya wonse. Injini inalira mokoma kuposa kale. Koma tsopano anali atachenjera. Sanapite kukapempha mkaka wa munthu. Anadzaza zigubu ndi madzi apachitsime n'kunyamuka kukayesa.

Inazima pachitunda chomwe chija.

Anatsika n'kumenya tayala theche mpaka chala chakuphazi chinatupa. Anaitukwana vaniyo, anatukwana amene anaipanga, anatukwana Iorgu ndi mtundu wake wonse. Kenako anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, naimbira Catinca kuti ayambe kumufunira malo. Atatha kulira anakwera kuti atenge chikwama chake azipita wapansi. Anangopotokola kiyi mwaukali, ndipo vani inalira ngati sinalakwepo chilichonse.

Zimenezi zinamukwiyitsa kuposa kuzima kuja. Koma ali m'njira yobwerera, mkwiyo womwewo unamuganizitsa. Chinthu chimazima pokwera, chikapuma chimadzuka. Atawafotokozera bambo ake, iwo anagamula kuti ndi pampu, nkhani yatha. Iye anati pampu yakufa siuka kwa akufa. Chilipo chimene chikutseka njira ya mafuta kenako n'kutsegula, ndipo malo amene anali asanayang'anemo anali thanki.

M'mawa mwake anadzaza dizilo m'kachigubu, anakamangirira pampando wa pambali pake, n'kulumikiza paipi kuti injini izimwa m'menemo, osati m'thanki. A Toader anakuwa kuti adziwotcha yekha ndipo iwo sadzapita kumaliro a chitsiru. Iye anatsegula mawindo onse n'kunyamuka.

Vani inakwera chitunda osatsokomola. Anatembenuka, anatsika, anakweranso. Anachita zimenezi mpaka abusa a nkhosa anaima kumuyang'ana.

Kutsitsa thanki kunali ntchito ina. Mabawuti anali atachita dzimbiri, ena anathyoka, dothi linkamugwera m'maso. Costache anabwera kudzathandiza kunyamula, akudandaula za msana wake. Atakhuthula dizilo yense n'kuigwedeza, munatuluka chinthu chakuda, chonyowa, ngati khoswe wakufa. Smaranda anachitola ndi waya n'kuchitambasula. Inali sokosi yaubweya.

Anaizindikira, chifukwa anailuka yekha. Chaka china Iorgu anataya chitsekerero cha thanki n'kutsekapo ndi sokosi, ndipo itasowa anangoti yagwa panjira. Inali ikuyandama m'menemo nthawi yonseyi. Vani ikamakwera, inkakokedwa n'kutseka pakamwa pa paipi, ikazima inkayandamanso.

Costache anaseka mpaka anakhala pansi. A Toader anaiyang'ana sokosiyo nthawi yaitali.

"Ndinkadziwa ine."

"Munkati pampu, bambo."

"Nanga pampuyo imamwa kuti? Tsuka thankiyo, usandiyankhe."

Musaganize kuti mudzi unamuombera m'manja. Anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti azimupatsanso mkaka, ndipo poyamba analola ndi mabanja ochepa okha. Ena anabwerera ataona nyengo yonse yotentha yatha mkaka osasasa. Mayi Profira sanabwerere mpaka lero, amapereka kwa wina.

Vaninso sinasanduke yatsopano. Chisanu chitafika inayamba kuvuta kulira m'mawa, kenako paipi ya madzi inaphulika, kenako lamba anaduka. Kusiyana kwake kunali kwakuti Smaranda sankaimanso n'kumangoyang'ana. Loweruka lililonse ankaona oyilo ndi madzi, kukhetsa madzi a mufyuluta, kugwiragwira mapaipi ndi malamba, n'kumvetsera injini asanatuluke pachipata. Zomuposa ankapita nazo kugaraja akudziwa chimene akukanena.

Lero amatenga mkaka m'midzi ingapo, ndipo iye ndi anzake awiri amene ankasoka nawo pafakitale amapanga tchizi chimene amagulitsa pamsika wa m'tauni. A Toader anamwalira chaka chatha m'nyumba mwawo, pabedi pawo, mwana wawo ali pambali.

Posachedwapa mmodzi wa anzakewo anamupeza ali chagada pansi pa vani, miyendo yokha ikuoneka, akulimbana ndi sitata. Anamufunsa ngati pambuyo pa zonsezi wafika poikonda galimotoyo.

"Kuikonda? Ndimadana nayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo," anayankha ali pansi pomwepo. "Tandipatsira sipanala yaing'onoyo, mkaka wamadzulo ukudikira."

Ndiye inu amene chanu chikukuvutani, kaya ndi ntchito, sukulu kapena kabizinesi kongokutayitsani nthawi, palibe akukuuzani kuti muzimwetulira. Kwiyani ndithu, dandaulani, lirani ngati misozi ilipo. Koma mukapukuta m'maso, bwererani mukayang'ane pamene simunayang'anepo. Mtima wokhawo musautaye.