Legeni Yoponya Mpira

Chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa ku Mitundu, timu ya mpira ya pamsika inalibe goloboyi. Anandiika ine chifukwa cha kutalika basi. Masewero atatu oyamba zigoli zinangolowa ngati pagolo palibe munthu, ndipo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndikamalemba pa bolodi ndinkangoona mpira ukudutsa m'khwapa mwanga.

Kutsogolo kunali ulendo wa ku Nathenje. Kumeneko kunali mlimi wina wa fodya wotchuka ndi mwendo wamanzere, ndipo anthu ankati penate yake munthu saiona, amangoimva.

Ndinakadandaula kwa akaputeni athu, bambo wokonza njinga pafupi ndi msika. Iwo anatola machubu akale anayi, kuwamanga pa mitengo iwiri ya bulugama kuseri kwa sukulu, pakati n'kusokererapo chikopa cha mbuzi. Inatuluka legeni yaikulu, yoponya mpira m'malo mwa mwala.

"Aphunzitsi, imani apo," anatero, uku akukoka machubu aja ndi manja onse awiri.

Mpira unandipeza pachifuwa ndisanakweze n'komwe manja.

Komabe ndinadziwa kuti chubu sichingafanane mphamvu ndi mwendo wa munthu. Ndinakhala pansi ndi choko n'kuyamba masamu. Penate imamenyedwa pa mayadi khumi ndi awiri. Ngati legeni ikuponya theka la liwiro la mlimi uja, ndiye kuti ndikaima pa mayadi asanu ndi limodzi, mpira uzindifika m'kanthawi kofanana. Ndinapima ndi chingwe, ndinakhoma chikhomo, ndipo ndinanyadira nzeru zangazo.

Milungu itatu sindinapume. Ana akangoweruka, ine kuseri kwa sukulu. Zala zinatupa moti choko ndinkachigwira movutikira. Mayi akunyumba anatopa n'kusoka mathalauzi.

"Kodi anakutumani kudzaphunzitsa kapena kudzagubuduka m'fumbi?" anandifunsa tsiku lina.

Ine ndinangopitiriza, chifukwa mipira inali itayamba kugwirika. Chubu chikangolira, thupi linkauluka lokha.

Loweruka lake tinakwera lole mpaka ku Nathenje. Pachipata cha bwalo tinaonetsa makhadi a chipani, kenaka tinalowa. Gawo loyamba ndinagwira mipira iwiri yoopsa, anzanga mpaka kundimenya pamsana. Chakumapeto, wotchinga kumbuyo wathu anagwira mpira ndi dzanja. Penate.

Mlimi uja anali munthu wamfupi, wopanda nsapato. Anauika mpira pansi mosafulumira, nabwerera m'mbuyo. Miyendo yanga inkangoyabwa. Anathamanga, atafika pa mpira n'kuima pang'ono. Ine n'kuti nditadziponya kale kumanja. Ndili chigonere m'fumbi ndinauona mpirawo ukugubuduka pang'onopang'ono kumanzere, mwana wokwawa akanaupeza. Bwalo lonse linafa nazo nseko. Tinagonja ndi chigoli chomwecho.

Masewero atatha ndinamutsatira pomwe ankamwa madzi.

"Achimwene, mphamvu zonse zija zimene timamva zapita kuti?"

"Ndinaona mawondo anu, aphunzitsi," anayankha akupukuta pakamwa. "Munali mutanyamuka kale. Ndiye ndivutikirenji?"

Pa lole pobwerera sindinathe kukhala pansi. Masamu anga sanalakwe, koma chubu sichiima panjira, sichiyang'ana munthu. Ndinauza akaputeni kuti kuyambira Lolemba aliyense wa mu timu azindimenyera penate, aliyense mwa njira yake, ndipo ndiziphunzira kudikira. Ndinaphunziradi. Ndinayamba kuyang'ana chiuno cha womenya ndi phazi limene waponda nalo.

Chaka chotsatira a ku Nathenje anabwera kwathu, ndipo penate inapezekanso. Mlimi yemwe uja anandimwetulira. Ndinaima nji, mawondo osagwedera, kudikira kuti aime panjira. Sanaime. Mpira unalowa pagolo ine osauona n'komwe. Ndinangomva malata a sitolo ya kumbuyo kwanga akulira, nkhuku zikubalalika.