Njinga Yakale ya Apolisi

Njinga yanga yamoto, ya masilinda awiri, ndinaigula yotha kale kwa apolisi a atsamunda. Ikazima ili yotentha, sinkalira msanga.

Masana ena m'masiku a zipolowe, ndikuchokera kutchalitchi ndi malemu mkazi wanga kumbuyo, anyamata onyamula miyala anatitsekera msewu wolowera kwathu ku Matero. Atamva kulira kwa njingayo, anandiyesa wapolisi.

Ndinkaonjezera moto kuti injini isazime, koma phokosolo linkangowakwiyitsa.

"Zimitsani, bambo," anandiuza kukhutu mkazi wanga. "Amve mawu anu."

Ndinadziwa kuti ndikazimitsa, kuthawa kwatha. Ndinapemphera chamumtima, ndinazimitsa, ndinavula magalasi oyendetsera njinga kuti andione nkhope, n'kuwapatsa moni anyamatawo.

"Ni batata ba kuchalichi aba," anatero mmodzi atandizindikira kuti ndine bambo wa kutchalitchi, mwala ukadali m'manja.

Anapatuka pang'onopang'ono. Tinaikankha njingayo kudutsa pakati pawo, osacheuka mpaka kunyumba.