Tsiku Limene Fatsani Anavala Nsapato

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamsewu pa Chimbiya, ndowa ya mbatata ya kachewere ili m'manja. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo mabungwe othandiza anthu anali atamera paliponse ngati bowa. Galimoto ina yoyera inaima, mayi wina wa magalasi n'kusuzumira. Sanafunse mtengo. Anafunsa ngati pali mnyamata wodziwa kulemba amenenso amadziwa njira za m'midzi ya ku Chongoni. Ine satifiketi ya Fomu 4 inkangodyedwa ndi njenjete m'sutikesi, ndiye ndowa ija ndinangomutulira mnzanga n'kukwera.

Mayiwo anali a Kamwendo, mkulu wa ofesi ya bungwe lina pa boma pa Dedza, ndipo tonse tinkawaitana kuti a Madamu. Zaka zimenezo boma linali litayamba kulipirira atsikana fizi ku sekondale, zomwe zinali zabwino ndithu, koma ana aamuna a m'mabanja osauka analibe wowakumbukira. Mwana amakhoza mayeso a Sitandade 8, dzina n'kutuluka, kenako umamupeza akusenza matabwa m'phiri. Bungwe lathu linati litengeko anyamata ochepa, liwalipirire fizi, liwagulire yunifolomu ndi bulangete. Malo anali ochepa, ofuna anali mudzi wonse.

Anandipatsa njinga, kathabwa kopanirapo mapepala, bolopeni ndi mtolo wa mafomu. Fomu iliyonse inali ndi mafunso asanu. Denga ndi la malata? Pali mbuzi kapena nkhumba? Pali wailesi? Mwana ali ndi chofunda chakechake? Ali ndi nsapato? Ine ndinkachonga Inde kapena Ayi. Inde akakwana pawiri, mwanayo basi zake zada. A Madamu anandilangiza kamodzi kokha. "Uzilemba zimene maso ako aona, osati zimene akuuza. Anthu akumudzi ndi akathyali."

Ndisaname, ntchitoyo inandikoma. Ena ankabisa mbuzi kwa anansi akamva belu la njinga yanga, ndiye ndinaphunzira kuzungulira kuseri kwa nyumba, maso pansi, kufunafuna ndowe. Ndikazipeza ndinkaitana mwini nyumba, n'kuloza ndi bolopeni. Akuluakulu a imvi ankachita chibwibwi pamaso panga. Dzulo lomweli ndinkathamangira maminibasi ndi ndowa, lero anthu akundiyalira mphasa! Ndinafufuma mtima, ndipo ndinali woipa.

Fatsani ndinamupeza akuchokera kunkhuni, mtolo wautali kuposa iye mwini. Anali atasankhidwa kupita Fomu 1, woyamba m'mudzi mwawo. Bambo ake anali ocheka matabwa m'nkhalango, mtengo unawagwera n'kumwalira. Anasiya mkazi, a Nabanda, ana anayi, ndi malata atatu adzimbiri ofolera mbali imodzi ya nyumba, kwinako udzu. Malatawo ndinachonga Inde. Kwina konse kunali Ayi weniweni: panalibe ndi nkhuku yomwe, ana onse ankafunda chiguduli chimodzi, ndipo mapazi a Fatsani anali ong'ambika ndi chisanu cha kwathu kuno. Anadutsa. Chotsala chinali choti a Madamu adzaone okha, pamodzi ndi mzungu wina wochokera kumene kunkachokera thandizo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinatumiza uthenga kwa a Nabanda kuti Lachinayi kukubwera alendo akuluakulu, akonzeke. Ine mwana wa komweko, wodziwa bwino lomwe kuti kwathu mlendo salandiridwa ndi litsiro, ndi kuwauza kuti akonzeke!

Titafika m'mawa wa Lachinayilo, ndinaona kuti zinthu zalakwika. Pabwalo anasesa mpaka kunjira. Pakhonde anazira dothi lakuda. Panali mipando iwiri yobwereka ku tchalitchi. Ndiye Fatsani, mayo ine, anaima pakhomo atasamba, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta, kumapazi kuli nsapato zakuda zopolishidwa. Zinali zazikulu moti kuchidendene anatsekerako mapepala.

A Madamu sanakhale n'komwe pampando. Anayang'ana kudenga, kenako kumapazi kwa mwanayo.

"Malata. Nsapato. Chonga."

"Madamu, nsapatozi si zake ayi," ndinatero. "Ulendo watha anali wosavala nsapato."

"Maso ako akuona chiyani?"

A Nabanda anamva. Anagwada pansi, manja ali pamodzi. "Pepani amayi, n'za aphunzitsi a ku tchalitchi, tabwereka dzulo. Tinangoti mwana asaoneke mwaumve pamaso pa alendo. Tikabweza masana ano."

Fatsani sanadikire kuuzidwa. Anawerama, n'kuvula nsapato zija mwamsanga, mapepala n'kugwera pansi. Anaziika pambali bwinobwino n'kuima chilili, mapazi ong'ambika aja ali poyera, kuti aliyense aone.

"Mwaona? Akuvula chifukwa tamugwira," a Madamu anatero. "Ndimakuuza ine, anthu awa."

Mzungu uja anafunsa chimene chikuchitika. A Madamu anamuyankha m'Chingerezi kuti mwanayo akufuna amujambule. Munthuyo anamwetulira, anagwada ndi bondo limodzi, n'kujambula Fatsani ali chiimire wopanda nsapato. Fatsani naye anayesa kumwetulira, poganiza kuti mwina kujambulidwako ndiko kulembedwa.

Chingerezi chimenecho ndinachimva. Ndikanatha kulankhula mawu awiri atatu, mzunguyo akanadziwa zoona. Koma a Madamu anali atandiyang'anitsitsa pamwamba pa magalasi, ndipo ine ndinali ndisanathe miyezi itatu yoyesedwa pantchito. Ndinaganiza za ndowa ya kachewere ndi fumbi la pamsewu. Ndinatsegula bolopeni, ndinafufuta Ayi amene ndinalemba ndekha, n'kuchonga Inde.

Ponyamuka, a Nabanda anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi kadengu ka mapichesi, mphatso ya alendo. A Madamu analandira, n'kuuza dalaivala kuti aike kumbuyo. Anadya m'njira monse, njere n'kumaponya pawindo.

Malo a Fatsani anapita kwa mwana wa munthu wina wa golosale, amene bambo ake anali atamva kale mmene timagwirira ntchito. Tsiku la alendo anamuveka sanza, mbuzi n'kukazimangirira kudimba. Fomu yake inali Ayi yekhayekha. Koma chimene chinandipweteka koposa chinabwera chaka chitatha. Ku ofesi kunafika timabuku topemphera thandizo kunja, ndipo pachikuto panali Fatsani, kumwetulira, mapazi ali poyera. A Madamu anakhoma kabuku kamodzi pakhoma, n'kunena kuti chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri.

Fatsani ndinakumana naye kamodzi kokha pambuyo pake, m'njira yotsika m'phiri, matabwa awiri aawisi ali pamutu. Ndinafuna kumuzemba koma njira inali imodzi. Anatula matabwa aja, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Sanandikwiyire, ndipo bola akananditukwana.

"Achimwene, kodi mayina aja adzatulukanso liti? Ine makope ndikusungabe."

Ndinamuuza kuti adikire pang'ono, zikukonzedwa. Linali bodza, ndipo anathokoza.

Ntchito ya mabungwe ndagwira zaka zambiri kuchokera pamenepo, mafomu ndadzaza osawerengeka. Chimene ndinatolapo n'chakuti fomu imagwira munthu waulemu n'kusiya wochenjera, choncho ndikafika pakhomo ndimayamba ndakhala pansi n'kumva, bolopeni ili m'thumba. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito amakonda kunena kuti malamulo ndi amene amakana anthu, iwo amangotsatira. Ine ndimawauza za Fatsani. A Madamu analamula, inde, koma sanagwire bolopeni. Dzanja limene linamuchotsa mwana uja sukulu ndi langali.