Tsiku Limene Ndinapereka Njira ya Posidoki

Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma si umbuli ayi, mtsinje ndi umene unkadzaza. Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, anandiposa ndi kalasi imodzi yokha. Koma mutawaona mmene amayendera pamsika wa Thambani masiku ano, mungayese yunivesite anaumba njerwa zake ndi iwowo.

Chinawatukumula ndi mwana wawo wamkazi. Ndati wawo? Pakamwa paterereka. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mkamwini ndi tambala wobwereka, anapiye ndi a mwini nkhuku. Mwinimbumba ndine, ndipo mwana wa mlongo wanga sapita ulendo wautali ine ndisanampatse njira.

Mtsikanayo anaphunzira mpaka kutchedwa dokotala, koma dokotala wosabaya jakisoni. Ndinkayesa zathera pomwepo. Ayi, akuti wapeza malo kunja, chinthu chotchedwa posidoki. Kumeneko ndi kwa anthu amene sukulu yawathera koma ludzu likadalipo: amakafufuza limodzi ndi akatswiri anzawo kwa zaka zingapo. Yake ndi kemisitiri, koma yopanda mabotolo, yopanda utsi. Zonse pakompyuta.

Nkhani imeneyi ndinaimva kwa wakabaza, ndili pakaliyala. Ine, malume wake! Alamu anali atailalikira kale kuchigayo, kuchipatala, ngakhale kwa osintha ndalama kumalire.

Anapha mbuzi yotsanzikana, ndipo anandiimbira foni. "Alamu, mubwere mawa tidzadyere limodzi." Ndinangoti ndamva. Kodi mwinimbumba amaitanidwa pafoni ngati wogula nandolo? Wopita ndiye amabwera, kudzagwada, kudzapempha njira. Akanapita osabwera, mudzi wonse ukanadziwa kuti umwinimbumba wanga ndi chipewa chabe.

M'mawa mwake ndinathyola manachesi dengu lodzaza, ndinavala jekete, ndi kukhala pakhonde. Kutsidya kwa dambo amayi akutchalitchi anayamba nyimbo. Mphepo nayo inali yamwano, inkabweretsa fungo la mbuzi molunjika pamphuno panga.

"Abambo, chiwindi chikutha uko," anatero mayi akunyumba.

"Chithe."

"Nanga jeketelo mwavalira nkhuku?"

Iwo atanyamuka kupita kuphwandoko, ndinayamba kusenda manachesi a mphatso aja.

Dzuwa litapendeka ndinaona anthu awiri akuwoloka dambo. Patsogolo mtsikana uja, atamanga chitenje, chikwama kumsana. Pambuyo alamu, akupukuta mafuta pakamwa. Ndinakhala bwino pampando wanga wandalema, iwo ndinawalozera kachitsa kamene timadulirapo nkhuni. Mtima unati myaa.

Mwanayo anagwada. "Amalume, ndabwera kudzatsanzika."

"Kodi? Ndimayesa madokotala amatsanzika pafoni."

"Amayi a mvano anandigwira, amalume. Pemphero lililonse linkabala linzake."

"Chabwino. Koma njira sindipereka kwa munthu wosadziwika kopita. Ukukachita chiyani kumeneko chimene kuno ku Mwanza kulibe?"

Anatulutsa laputopu ndi kuiika pamaondo panga. Ndinaona chinthu chonga chingwe cha mbuzi chitapiringizana pachitsamba, chamitundumitundu, chikunjenjemera chokha.

"Iyi ndi puloteni, amalume, kanthu kakang'ono koti maso sangaone. Zamoyo zonse zimayendera timeneti. Iyi ndi ya kachilombo ka malungo. Kompyuta imawerengera mmene imapindikira, kuti tidziwe pamene mankhwala angaigwire. Makompyuta akuluakulu otha masamu amenewa ndi amene ndikuwatsatira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse funso lanzeru, koma alamu anali atadzuka kale pakachitsa paja, chala chili pagalasi.

"Tatembenuza, mayi, alamu aone kathumba kaja. Eya, apo! Mankhwala akakhala m'kathumba umu, kachilombo kagwa nayo. Koma chovuta ndi madzi ozungulirawa, alamu. Sakhazikika. Chaka chatha anatisowetsa mtendere."

Anatisowetsa! Ngati analipo.

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira phewa la bambo ake. "Ababa, za madzi mukuzikumbukirabe?"

Apo ndiye pamene panandiwawa kuposa chiwindi chija. Zaka zonse zimene ine ndinkadikira kugwadiridwa, tambala wobwerekayu ankamvera mwana pafoni, akudandaula za kathumba ndi madzi, mpaka mawuwo anamulowa. Mpando wandalema unali wanga, koma kuseka kuja kunali kwa awiriwo.

Njira ndinapereka, sindine mfiti. Ndinamugwira pamutu, ndinatchula makolo ndi Mulungu, ndipo ndinatalikitsa dala kuti alamu amve kuwawa kwa chitsa. Manachesi aja mwanayo anati m'ndege saloledwa. Anadyapo pang'ono, otsalawo alamu anawasenza, akuti asawonongeke.

Koma ndinaika lamulo limodzi. "Ukafika, uziyamba kuimbira ine. Bambo akowa pambuyo."

Ndipo mwanayo ndi womvera. Lamulungu lililonse foni yoyamba imalira m'thumba mwanga. Vuto ndi lakuti yanga ndi yamabatani, imangotulutsa mawu. Amandifunsa za mwendo wanga, za mvula, za mbuzi. Kenako amati, "Amalume, zithunzi za sabata ino ndatumiza kwa ababa, mukaone kumeneko."

Ndiye tikaweruka kutchalitchi ndimawoloka dambo. Alamu amakhala pampando wawo, ine amandipatsa kachitsa, chifukwa akuti galasi limaoneka bwino ukakhala m'munsi. Foni amagwira okha, kufotokoza amafotokoza okha. Ine ndimangoti "hmm", koma ndikuloweza mawu onse mwakachetechete. Sabata yatha anasokoneza kathumba ndi khomo lake, ndipo ndinawagwira. Sanavomere. Tagwirizana kuti Lamulungu likubwerali tifunse mwini wake, ndipo foni yoyamba mukudziwa kumene imalirira.